Phala Lopanda Deliya

Alongo anga a Magadalena amapinda maenvulopu. Ndikanena choncho, anthu achilendo amakhala chete kudikira kuti ndipitirize, poganiza kuti ntchito yeniyeniyo ndiitchula kutsogolo. Palibenso ina. Ntchito yawo ndi imeneyo, ndipo ndi imene inakhoma malata panyumba yawo kuseri kwa msika pa Dedza boma. Ndi imenenso inaphunzitsa mwana wawo mmodzi yekhayo, Cathy, mpaka kukhala mphunzitsi ku Lilongwe. Ine ndine Kizito, mlongo wawo wamng'ono, mlimi wa kachewere kwa Kaphuka. Ndimawanyadira alongo angawa, moti anthu ondidziwa sakonda kukhala nane mpando umodzi m'minibasi, chifukwa amadziwa nkhani imene ndiyambe.

Dedza yense amailemekeza ntchito ya a Magadalena. Munthu mmodzi yekha ndiye ankachita nayo manyazi, ndipo anali Cathy yemweyo. Zimenezi zinawadya mumtima alongo anga kwa zaka zambiri. Sankafuna kuti mwanayo awathokoze kapena awagulire chitenje. Ankangofuna kuti tsiku lina adzagwire envulopu yawo pamaso pa anthu osaibisa.

Ntchitoyi inayamba amuna awo, malemu a Zefaniya, akadali moyo. Iwo anali okhoma ndowa ndi mbaula. Tsiku lina alongo anga anagula njere za mpiru pa Linthipe, zokulunga m'nyuzipepala, ndipo pofika kunyumba anapeza zonse zamwazika m'dengu n'kusakanikirana ndi mchere. Anapsa mtima, ndipo alongo angawa akapsa mtima sakalipa, amafuna chogwira. Anatenga envulopu yakale ya kutchalitchi n'kuiika pa nthunzi ya ketulo mpaka misoko yonse inamasuka, kenaka anaitambasula pamphasa. Anaona kuti chinthu chomwe ankachiyesa chovutacho ndi pepala limodzi lokha lokhala ndi makutu anayi. A Zefaniya anajambula maonekedwe ake pa chidutswa cha lata n'kudula, ndipo chimenecho chinakhala chikombole choyamba. Lero zikombole zilipo zingapo, zopachikidwa pamisomali pakhonde, zakuda bii ndi thukuta la m'manja.

Envulopu iliyonse ili ndi dzina lake, ndipo ukasokoneza amakuyang'ana ngati wasokoneza mayina a ana a mwini nyumba. Ilipo ya makutu anayi, imene makutu ake atatu amakumana pakati pa msana, ndipo lachinayi, losongoka lija, amalitchula lilime. Imeneyo ndi ya makhadi ndi zinthu zaulemu. Ya thumba imatsekukira mbali yaifupi, ili ndi msoko umodzi wotsika pamsana ndi mpindiro pansi. Ndi imene inawatchukitsa kwa ogulitsa mbewu a pa Linthipe, chifukwa mpindiro wapansiwo amaupinda kawiri, moti ngakhale njere ya fodya siipeza potulukira. Anyamata ofunsira ntchito amagula ya thumba yomweyo koma yaikulu, ya khaki, kuti masatifiketi asapindike. Amayi a kusikelo amakonda ya mimba, imene m'mbali mwake muli mapindo otambasuka, yolowa mabuku a kuchipatala a ana onse a m'nyumba. Chaka china anayesa ya windo, n'kumata kapulasitiki ka shuga pabowo, koma anaisiya msanga. Akuti envulopu yoonetsa za m'kati mwake ilibe khalidwe.

Kuwaonerera akugwira ntchito kumandisangalatsa kuposa mpira. Amayamba aligwedeza pepala ndi kulikhotetsa uku ndi uku, chifukwa akuti lili ndi mbali imene limafuna kupindikira, ndipo ukalikakamiza mbali inayo limathyoka pampindo. Akapinda amapsinja ndi msana wa supuni, kamodzi kokha, osabwereza. Palilime sapakapo guluu. Kuno kwathu nkhungu ya mu Juni imanyowetsa chilichonse, moti envulopu ya guluu palilime imadzitseka yokha usanaikemo kanthu. Pa maenvulopu awo lilime limalowa m'kati, ndipo wofuna kumata amamata yekha.

Misoko amamata ndi phala la ufa wa chinangwa. Koma phala limeneli ndi chakudya, ndipo mphemvu ndi makoswe zimadziwa zimenezo kuposa ife. N'chifukwa chake amaliphika ndi madzi amene anyikamo masamba a deliya, chomera cha maluwa achikasu chija chimangomera m'mbali mwa misewu. Deliya amawawa koopsa. Ine ndinalawako phalalo kamodzi ndipo ndinalavula mpaka madzulo. Kuipa kwake n'kwakuti limasiya kamzere kodera pamsoko komanso kafungo ka tchire. Pa pepala la khaki kamzereko sikaoneka, ndipo kafungoko ife tinakazolowera kalekale.

Cathy yekha sanakazolowere. Ali ku pulayimale anzake ankamununkhiza yunifolomu n'kumamuitana kuti Naphala, ndipo iye anayamba kudzera njira ya kuseri kuti asadutse pamene mayi ake ankayala malonda. Atamaliza Fomu 4, pofunsira malo ku koleji, ndinamuona ndi maso angawa akulowa m'sitolo kukagula envulopu, pamene kwawo katoni inali yodzaza. Alongo anga anamuonanso. Tsiku limenelo anapinda mpaka zala kutupa. Ine ndinafuna kumukalipira mwanayo, iwo n'kundiletsa. Akuti ulemu wochita kuitanitsa ndi wa mwini sitolo.

Chaka chatha Cathy anapeza banja. Mnyamata wake ndi Gracious, wogwira ntchito ku Lilongwe, wofatsa bwino, ndipo unkhoswe wa kuchikazi unagwera ine ngati malume. A komiti ya ukwati anagwirizana zosindikiza makhadi, popeza akuluakulu a mbali zonse ziwiri sawerengera kuitanidwa ndi uthenga wa pafoni. Cathy atabwera kudzafotokoza zimenezi, alongo anga anangofunsa kukula kwa khadi.

"Amayi, za maenvulopu musavutike nazo," anatero Cathy. "A komiti akagula m'tawuni."

"Akagule mpunga, akagule zakumwa. Maenvulopu ndipinda ine."

"Koma amayi, kuchimuna kuja ndi anthu ena ake. Amayang'ana chilichonse."

"Ayang'ane. Maso ndi awo."

Apa ndinalowererapo ndi mphamvu zanga za unkhoswe, zimene kunena zoona ndinali ndisanazigwiritsepo ntchito ndipo ndinkafuna kuziyesa. Ndinati ukwati wa mwana wa mmisiri sungayende ndi envulopu yogula ine ndili moyo. Cathy anavomera, koma mokoka nkhope, ndipo anaika malamulo ake.

"Chabwino, amalume. Koma akhale oyera, opanda kamzere kaja, komanso asanunkhe deliya. Chonde."

Alongo anga anagwedeza mutu. Ndinaona kuti mawu amenewa awalasa, koma ndinaonanso kuti asangalala ngati mwana amene wauzidwa kuti akwera galimoto.

Pepala loyera, lokhuthala bwino, anawaitanitsira ku Lilongwe ndi Sophie, mayi wa shopu ya fotokope pafupi ndi depoti, chifukwa pa boma silipezeka. Linabwera lokwanira ntchito imodzi yokha. Alongo anga anasankha envulopu ya makutu anayi, n'kukhala tsiku lathunthu akupala chikombole ndi tupa kuti m'mphepete musakhale kamano kong'amba pepala. Envulopu yoyamba anaimata ndi phala lawo la masiku onse. Itauma anaikweza padzuwa, ndipo kamzere kaja kanaonekera bwinobwino kupyola pepala loyeralo. Anayesa kuchepetsa deliya, kamzere kanangocheperako. Pomaliza anatsuka poto n'kuphika phala la ufa ndi madzi okha, loyera mbee.

Ine ndinalipo tsiku limenelo, ndinabwera kudzagulitsa kachewere. Ndinawafunsa ngati aiwala mphemvu.

"Sindinaiwale, a Kizito. Ndi masiku ochepa okha. Mwana wanena kuti asanunkhe."

Maenvulopu amenewo ndinawaona, ndipo ndikunena mosaopa munthu kuti ku Dedza kuno sikunapindidwepo okongola ngati amenewo. Makutu ankakumana pamalo amodzi enieni, ngodya zakuthwa, ukawaunjika ankaima ngati njerwa. Koma unali mwezi wa Julayi, nkhungu inatsika m'phiri n'kukhazikika, ndipo phala silinkauma. Alongo anga anaopa kuti pepala lichita nkhungu kapena kupotoka. Anawalongedza m'katoni n'kuiika pathandala m'khitchini, pamene pamakhala kamtentha ka moto. Ndi pomwe ifenso timaumitsira mbewu nyengo yozizira, ndipo aliyense wa kwathu akanachita chimodzimodzi. Zimene zinawachoka m'mutu n'zakuti m'khitchini ndi kwawo kwa mphemvu, ndipo ulendo uno phala linali lokoma.

Cathy anafika Loweruka m'mawa atanyamula makhadi. Pangano linali lakuti Lamulungu tipite limodzi ku Lilongwe, kumsonkhano wa mbali zonse ziwiri, komwe makhadi akalowetsedwe m'maenvulopu, alembedwe mayina n'kugawidwa. Alongo anga anavala chitenje chatsopano pokatenga katoni ija. Anaiika pamphasa pakhonde n'kutsekula okha.

Mphemvu zinatuluka mbali zonse. Ananyamula envulopu yapamwamba, ndipo inangotambasuka m'manja mwawo n'kukhalanso pepala. Yachiwiri chimodzimodzi. Kutsogolo kunali koyera bwinobwino, malilime osakhudzidwa, koma paliponse pamene panadutsa phala panali podyedwa, m'mphepete mwa makutu muli timano ngati masamba a kabichi amene mbozi zagonapo. Anafufuza mpaka pansi pa katoni. Panalibe ndi imodzi yomwe yamoyo.

"Ndinanena ine," anatero Cathy. "Nthawi zonse mumafuna zanu zokha. Mawa ndikaonetsa chiyani kwa anthu aja?"

Anatenga kachikwama kake n'kutsikira kumsika. Ine mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa alongo anga anangokhala pamphasa paja, pepala lili pamwendo, atatsegula manja ngati munthu amene walandidwa katundu. Chimwalirireni a Zefaniya ndinali ndisanawaonepo chomwecho.

Patapita kanthawi anadzuka n'kuvula chitenje chatsopano chija.

"A Kizito, kandithyolereni deliya kumsewu. Wokhwima, osati nsonga."

Pamene ndinkabwera anali atatulutsa pepala la khaki lolimba, la m'kati mwa matumba a simenti, limene amasungira maenvulopu a mbewu. Anadula timizere tofanana, tam'lifupi ngati chala. Envulopu iliyonse anaimeta timano tija ndi sizasi, n'kuipindanso m'mapindo ake akale. Makutu tsopano sankafikana, ndiye anawalumikiza ndi timizere tiwiri ta khaki, kuchokera m'ngodya zapansi kukakumana pakati ngati mitengo ya denga. Anamata ndi phala lawo lenileni, lowawa, ndipo ine anandipatsa ntchito youmitsa ndi ayironi ya makala. Ndinapsereza imodzi, ndipo anandilanda ayironiyo kwa kanthawi ngati mwana.

Cathy anabwera masana ndi paketi ya maenvulopu oyera a m'sitolo. Anaiika m'chikwama chake poyera, kuti tonse tione, n'kulowa m'nyumba. Mayi ake sanakweze mutu. Dzuwa likupendeka katoni inali itadzazanso. Kunena zoona, kutsogolo maenvulopuwo anali a ukwati, koma kumbuyo chigamba chinali chigamba, ndipo fungo la deliya linkamveka uli pamsewu.

M'mawa mwake alongo anga anandipatsira katoniyo kumbali.

"Mutenge. Musamukakamize. Akakana mudzabwere nawo, ndidzaikamo mbewu."

M'minibasi ndinaiika pamiyendo. Cathy anakhala pawindo. Ndinadziletsa mpaka pa Linthipe, koma pamenepo zinandikanika.

"Iwe, ukudziwa kuti zaka zonsezi mphemvu sinadyepo envulopu ya mayi ako?"

"Nanga izi zadya bwanji?"

"Zadya chifukwa anasiya deliya. Deliya amene umadana nayeyo ndi amene amaingitsa mphemvu. Iwe unati asanunkhe, iwo n'kuphika phala lopanda kanthu, akudziwa bwinobwino chomwe chingachitike."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Mwana wokulira m'nyumba imeneyo, wonunkha phala limenelo ubwana wake wonse, sankadziwa ntchito ya deliya, chifukwa sanakhalepo pansi kufunsa. Ankayesa kuti ndi chizolowezi chabe cha amayi okalamba. Anatembenukiranso kuwindo. Ine ndinaganiza kuti ndaonjeza, ndipo mwina ndaononga ndi zochepa zomwe zinatsala.

Msonkhano unali kunyumba kwa a Pilira, azakhali ake a Gracious, mayi wa magalasi amene amayang'ana munthu kuyambira ku nsapato. Pabalaza panadzaza anthu. Katoni yanga ndinaikankhira pansi pa mpando, kuseri kwa miyendo. Titamaliza za holo ndi za mpunga, wapampando anati tsopano makhadi. Cathy anatsekula chikwama chake n'kutulutsa makhadiwo. Ndinaiona paketi ya m'sitolo ija ili pamwamba penipeni, ndipo dzanja lake linaima pomwepo. Kenaka anatseka zipi, n'kugwada pafupi ndi ine.

"Amalume, sunthani miyendo."

Anaikoka katoniyo n'kuiika patebulo, pakati pa anthu. Itatsekulidwa, fungo la kwathu linadzaza pabalaza pa eni ake. Mtsikana wina wa kuchimuna anaphimba pakamwa kubisa kuseka. A Pilira anatenga envulopu imodzi, anayang'ana kutsogolo, n'kuitembenuza, n'kuinunkhiza.

"Awa mwawatenga kuti? Kumbuyoku ndi sitayilo kapena ndi chigamba?"

Ine pakamwa panali patatseguka kale kuti ndinene kuti ndi sitayilo yatsopano, koma Cathy anandipambana.

"Ndi chigamba, azakhali. Apinda ndi amayi anga, ntchito yawo ndi imeneyi. Ine ndinawaletsa kuthira mankhwala m'phala lomatira, ndiye mphemvu zinadya misoko, iwo n'kukonza dzulo tsiku lonse. Fungolo ndi la mankhwalawo. Ine ndakulira fungo limeneli, ndipo ndi limene linandiphunzitsa sukulu. Makhadi anga alowa m'menemu."

A Pilira anakoka msoko ndi zala ziwiri kuyesa ngati ungamasuke, ndipo sunamasuke. Sanayamikire, sanadzudzulenso. Anangoti, "Mwini ukwati wanena. Bweretsani zolembera." Mtsikana uja anapitiriza kuseka chamumtima, ndipo ndikudziwa kuti ena anakambirana za ife titachoka. Zimenezo sizinandikhudze. Ndinakhala pampando paja nditatukumula chifuwa, ndikulemba mayina a anthu osawadziwa ndi dzanja langa la khasu, misozi ikundisokoneza kuona mizere.

Ndinagona ku Lilongwe komweko, ndipo Lolemba m'malo mopita kwathu kwa Kaphuka ndinapitirira mpaka pa boma. Ndinawapeza alongo anga pakhonde akupinda a thumba a anthu a pa Linthipe. Anayang'ana manja anga kaye asanayang'ane nkhope. Ataona kuti ndilibe katoni, anabweza maso pa pepala.

"Mwaiiwala m'minibasi?"

"Ayi. Agawidwa onse."

"Munamukakamiza."

"Sindinamukakamize. Anaikoka yekha pansi pa mpando wanga."

Ndinawafotokozera zonse, za dzanja loima pachikwama, za a Pilira ndi magalasi awo, ndi mawu a Cathy monga mmene anawanenera, osaonjezera ngakhale kuti kuonjezera ndimakutha. Ankamvetsera akupsinja mpindo ndi supuni. Ndinaona kuti akubwereza pamalo amodzimodzi, kawiri, katatu, mpaka pepala linayamba kunyezimira.

"Anthu analipo ambiri?"

"Pabalaza podzaza. Ena anaima pakhomo."

Anaika supuni pansi n'kupukuta manja pachitenje, ngakhale kuti analibe phala. Anayang'ana kuphiri, ndipo pamene anayankhulanso mawu awo anali aang'ono, ngati a mtsikana.

"A Kizito, tabwerezani paja anati apinda ndi amayi anga."

Ndinabwereza. Anandipempha kachitatu, ndipo ndinabwerezanso.